Chimbale cha Yotamu

Anachiwotcha yekha mng'ono wanga Yotamu,
kuseri kwa shopu yometera ku Kapata,
pa kompyuta yolira ngati chigayo cha dizilo.
Magetsi anathima kawiri tsiku limenelo.
Zimbale ziwiri zinapsa pachabe,
tinakazipachika ku dimba kuti ziziopseza mpheta.
Chachitatu chinapsa bwino.

Pamsana pake analemba ndi cholembera chonunkha sipiriti:
ZA PANJIRA. USABWEREKETSE.
Chilembo chomaliza chinasowa malo,
chinakwera pa chinzake ngati mwana wa kumbuyo.

Wailesi ya m'galimoto yanga ndi yonyada.
Zogula m'sitolo, za zithunzi zowala,
imalandira ndi manja awiri.
Ichi chophika pakhomo inkachilawa
n'kuchilavula,
kuchilawanso,
kuchilavula, lilime panja.
Ndinkachipumira mpweya wa m'kamwa,
kuchipukuta ndi m'munsi mwa malaya
kuchokera pakati kupita kunja,
monga anandiphunzitsira mwini wake,
mpaka itachita manyazi n'kumeza.

Nyimbo khumi ndi zinayi.
Ndikanyamuka pa siteji dzuwa lisanatulukire ku Kanjala,
kwaya imanditulutsa m'tauni pakati pa njinga,
kalindula amandipeza pa Mtenguleni,
rumba imagwedeza matomato a mayi Zelipa m'buti,
ndipo yomaliza ikamatha
phiri la ku Katete limakhala litadzaza galasi.
Mtunda sindiuyeza ndi makilomita ine.

Yachisanu ndi chinayi ili ndi chibwibwi.
Pali mkwasa pamenepo, wa kiyi kapena wa mchenga, kaya.
Woyimba amafika pakati pa lonjezo:
ndidzabwe, ndidzabwe, ndidzabwe,
mpaka ndimenye ndi chikhatho pamwamba pa wailesi.
Akadumpha amakagwera pa ng'oma,
liwu lija osalimaliza.

Mnyamata wa ku koleji, mawaya m'makutu,
anandiseka pa Chiparamba:
Akulu, gulani fulashi,
nyimbo chikwi mu kanthu konga chala.
Ndinati chikwi n'zambiri, mwana iwe,
ndani angazidziwe zonse ndi mayina?

Sakudziwa chimene chili pakati
pa yakhumi ndi chimodzi ndi yotsatira yake.
Masekondi asanu ndi awiri okha.
Yotamu ankayesa maikolofoni ya eni shopu,
n'kuyiwala kufufuta.
Mpando ukukwekwesa simenti.
Makina ometera akuwuma chapatali.
Chifuwa chake chija cha mwezi wa Juni.
Kenako iye, pafupi kwambiri ndi khutu langa:
Ikumveka? Ikumveka kodi?

Anakwera basi ya ku migodi ya ku Solwezi
ndi chikwama changa, ndi nsapato zanga zabwino.
Chaka chachinayi chino
foni yake amayankha ndi mayi wa kampani
wonena mawu omwewo, mwaulemu womwewo.

Mwezi wa Okutobala, kutentha kosungunula phula,
ndinadina batani, chimbale sichinatuluke.
Ndinayesa singano, sipoko ya njinga, mpeni wa patebulo.
Wailesi yomwe inkachikana
tsopano yachikumbatira, yakana kuchibweza.

Malizani, makanika wa ku Nabvutika,
anagona chagada pansi pa chiwongolero
n'kunena kuti makwacha makumi asanu,
achotsa zonse, ayikamo ya makono, yowala buluu.
Koma chimbalecho, anati, chituluka zidutswa.
Ndinamugulira maheu.
Ndinamuuza abwezeretse zomangira.

Choncho galimoto iyi ikudziwa nyimbo khumi ndi zinayi basi.
Odwala opita ku chipatala cha Mwami amva zomwezo,
akwati amva zomwezo,
mbuzi ya a Sakala, yomangidwa miyendo, inamva zomwezo.

Usiku, ndikatsitsa womaliza,
ndimayima pansi pa mtengo wa mango wa kwathu ku Mchini,
injini chete, batire likutha pang'onopang'ono.
Ndimadumpha kwaya, ndimadumpha rumba.
Mpando ukwekwesa.
Iye atsokomola, afunsa.

Ikumveka, ndimatero.
Ikumveka, iwe.