Minibasi ya Maulidi

Lolemba ndinalowa m'kalasi ndi jumbo
yodzaza zitsekerero za mabotolo,
zotola kuseri kwa malo omwera pa Chinseu,
zina zikununkhabe mowa
ngakhale ndinazitsuka kawiri ndi sopo.
Nditazikhuthulira pa simenti
ana oposa zana anaziunjirira
ngati nkhuku zaona gaga.

Ndinakonza zoti tichotsere,
mwaulemu, m'mizere, monga bukhu linenera.
Koma Ndaziona anayamba kumanga nyumba,
Sigele anatsegula golosale,
wina anabisa chofiira m'tsaya.
Choko chinauma m'dzanja langa.

Maulidi wa ku Goliyo,
amene chaka chonse sanakwezepo mkono,
amene kope lake ndalidzaza zithasa
mpaka cholembera chofiira kundithera,
anayala zake zinayizinayi, mizere inayi,
n'kukuwa: Limbe! Limbe! Wotsala mmodzi!
Asiyatu anagwira chiwongolero cha mphepo,
milomo ikulira ngati injini yokalamba.

Pa Makata anatsika atatu.
Pa Maselema anatsika asanu, kukwera awiri,
mmodzi ali ndi dengu la tomato.
Ndinagwada pambali, siketi m'fumbi.
Atsala angati, akondakitala?
Khumi, madamu, dalaivala sitimuwerengera.
Sanayang'ane n'komwe pansi.
Funso lomweli, Lachisanu lapitalo pa bolodi,
linamuliza mpaka mamina.

Aphunzitsi aakulu anasuzumira pawindo
lopanda galasi lija.
Mayi Namagowa, kodi muno ndi mumsika?
Ndisanapeze mawu Maulidi anatambasula dzanja:
Bwana mukwera? Malo alipo asanu ndi amodzi.
Iwo anawerenga mipando yopanda anthu
ndi chala chawo chachikulu,
anakhosomola pang'ono,
n'kupitirira ku Sitandade 3.

Belu litalira ndinatolera zonse,
zina pansi pa kabati, zina pakhomo,
phiri la Ndirande litavala kale mitambo.
Ndinawerenga kawiri.
Zinasowa khumi zisanu ndi chimodzi,
minibasi yathunthu.

Sindinafunse aliyense.
Madzulo ndikudumpha ngalande ya ku Goliyo
ndi kabichi wanga m'manja,
ndinamva mawu kuseri kwa mpanda wa malata:
Iwe Hawa, atsika awiri, werenga bwino,
ukalakwitsa ukubweza chenje ndi ndalama yako.