Ng'ala

Adokotala pa Ntcheu anati miyezi isanu,
kenako chifunga chokhachokha.
Ndiye bambo akututira mawu m'mutu
ngati kachewere wothawitsa mvula.

Pa Lizulu basi ikaima, amakuwa mtengo wa ndowa;
ikanyamuka, abwerera pa vesi ya makumi anayi.
Ine buku m'manja, chala pamzere.
"Mwalumpha, bambo."
"Sindinalumphe, Nangozo, ndimameza malovu."
Tiyambirenso.

Dzulo anasakaniza mneneri ndi chenji cha kondakitala,
tinaseka mpaka kutsokomola.

Usiku ndimawamva kuseri kwa chipupa
akupunthwa pa liwu lomwe lija,
chete,
kudikira wowanong'oneza.
Liwulo ndikulidziwa.
Ndaluma lilime, ndafunda kumutu:
mu Okutobala ndikukwatiwa ku Balaka.