Timadontho ta Patsaya

Ndinationa Lachiwiri m'mawa
pa kagalasi ka njinga ya kabaza
tikuwoloka mlatho kulowa m'Boma:
timadontho titatu takuda pansi pa diso lamanzere,
ngati wina wandiwaza njere za bonongwe ndili m'tulo.
Ndinanyowetsa chala ndi malovu, n'kupukuta.
Sitinachoke.

Pofika Ramadani tinali titakwana khumi,
ndipo msika wonse unasanduka chipatala.

Abiti Jafali, wa malambe pa benchi loyandikana ndi langa:
"Ndi dzuwa ili, mwana iwe. La kuno si la ku Dedza.
Tsiku lonse pa tomato wopanda ambulera,
khungu nalo limapserera ngati chigumu."

Sumini wa ku saluni sanapereke ndi moni womwe.
Anandigwira chibwano, n'kunditembenuzira kowala:
"Mafuta a m'kabotolo kachikasu aja unasiya liti?"
Ndinadzola kawiri kokha, chaka cha ukwati wa Rabeka,
koma ndinazyolika ngati andipeza ndi nkhuku ya eni m'thumba.

Wina akuti n'zipsera za ziphuphu zomwe ndinkafinya ku sekondale.
Wina akuti udzudzu wa ku M'baluku ukaluma umasaina.
Mlamu wanga anasiya tsaya, n'kuyang'ana pamimba,
n'kuyamba kuwerenga miyezi ndi zala.
Panalinso osanena kanthu,
aja ongosendera pang'ono pa mkeka,
maso awo akutchula matenda
amene pakamwa pakuopa.

Amenewo ndi amene anandilanda tulo.

Ndinaima pamzere kuchipatala mbandakucha,
kabuku kachikasu katanyowa thukuta m'manja.
A Mtalimanja, magalasi awo omangidwa ndi ulusi,
anaunika ndi tochi ya foni.
Timayabwa? Timatuluka magazi?
Kalipo kothamanga kukula, kosiyana ndi anzake?
Ayi. Ayi. Ayinso.
Magazi anandiyeza poti ndinapempha ndekha,
ndipo mpweya womwe ndinasunga miyezi itatu unatuluka.
"Totereti," anatero, "kawirikawiri n'takumtundu.
Osakapala ndi lezala.
Kena kakadzasintha, mudzabwere msanga.
Mukafika kunyumba mukayang'ane nkhope ya mayi anu,
kapena ya bambo."
Anali ataitana kale wina.

Nkhope ya amayi ndimaidziwa ngati njira ya ku mjigo.
Madzulowo ndinaiyang'anabe akusoka chigamba pakhonde,
kuyambira pachipumi mpaka m'khosi.
Makwinya alipo, chipsera cha nthomba chilipo.
Kadontho palibe.
"Ukundiyang'ana chiyani ngati ndili nawe ngongole?"

Ya bambo sindinaionepo.
Anakwera basi ya ku Joni ine ndili m'mimba,
chithunzi chawo chimodzi chinadyedwa ndi chiswe,
dzina lawo m'nyumba mwathu ndi ngati mpando wothyoka mwendo,
timangoulambalala.

Ndiye taonani tsono:
munthu wosatumiza bulangeti,
wosatumiza ndi randi imodzi ya kope,
wadikira zaka makumi atatu ndi ziwiri
kuti andilembere kalata patsaya,
yopanda mawu, madontho okhaokha.

Masiku ano Lachisanu, Juma ikatha,
ndimasiya kuwerenga chenje.
Amuna akamatsika masitepe a mzikiti akufunafuna nsapato zawo
ine ndimafufuza pansi pa zikofiya.
Ku depoti nako, basi ikamatsitsa mafiriji ndi matayala,
ndimaima ngati ndikudikira katundu.

Dzana anabwera wina wa ndevu zaimvi,
masaya onse awiri atafesedwa bonongwe yemwe uja.
Anatsika mtengo wa mulu umodzi mpaka ndinatopa.
Ndinamuikira basela, tomato atatu akuluakulu.
Anati zikomo mayi,
n'kukankha njinga yake kulowera njira ya ku Namwera.

Sindinamufunse dzina.
Abiti Jafali akuti ndayamba kuwononga bizinesi.

Lero m'mawa ndawerenganso.
Takwana khumi ndi tinayi.