Lachinayi ku Mabvuku

M'mawa anatiphunzitsa kulemba kaundula:
zolowa kumanzere, zotuluka kumanja.
Ine Nachisale, mlembi wa kopaletivu,
zala zozolowera mpini,
ndinasochera pa mzere wachitatu.

Masana anatituma kwa achinyamata.
Ndinawapeza pa siteji ya makombi,
fumbi la simenti m'nsidze,
akuitanira opita ku Mbare.
Ndinanena za dimba, za mpope, za repu.
Anaseka. Dothi? Ifeyo?

Mmodzi yekha, Takudzwa, mdzukulu wa a Kamwendo,
Chichewa chake chothyokathyoka,
ananditsatira mpaka ku shedi.
Khasu sanaliyang'ane n'komwe.
Anatenga kaundula, natulutsa foni,
napeza madola asanu ndi anayi
amene anandisowetsa tulo sabata yonse.

Akuti mawa abweranso.
Kaya akuphunzitsa mnzake ndani.