Ngongole ya Mugisho

Anabwera nayo fulashi m'thumba la malaya
Lachiwiri lina magetsi atangoyaka,
fumbi la ku Malangalanga lili mbuu m'nsidze.
Mayi, ndisindikizireni zonse, anatero,
ndalama mwezi ukatha.

Ine ndimasindikiza makalata ofunsira ntchito,
ziphaso, ndondomeko za maliro.
Buku ndinali ndisanaligwirepo likadali lofunda.

Makina anatsokomola masana onse.
Zilembo zinkatuluka zitavala tizipewa,
zina kanthenga pamutu, zina kamchira kunsi:
Chifalansa, chimene anaoloka nacho malire atatu
pamodzi ndi lumo ndi malaya awiri.
Masana amameta anthu kuseri kwa depoti,
usiku ndiye izi.

Kutsidya kwa nyanja kuli mphoto, anandiuza,
ya amene walemba buku lake loyamba.
Ukaiphonya waiphonya,
mwana wachisamba sabadwa kawiri.

Pa tsamba la makumi asanu ndi anayi magetsi anathima.
Tinadikira. Ndinati muli chiyani umu?
Anati mtsinje, mlongo wanga, ndi njinga imene sinabwerere.
Sindinafunsenso.

Mvula inagwa, Lingadzi anadzaza, anaphwa.
Tsiku lina uyo akudumpha ngalande, lamya m'mwamba,
thewera la kasitomala likadali paphewa:
mwa mabuku mazana, lake lili pa asanu otsala!
Amuitana. Kuli chakudya chamadzulo, kuli mpando wake.
Ogulitsa mayunitsi anaimba mluzu,
kondakitala wa ya ku Kawale anamunyamula m'mwamba
osadziwa n'komwe kuti kwagwanji.

Koma pepala limene ali nalo
silikweza munthu ndege.
Mpandowo unadya wokha.
Mphoto anatenga wina, ndipo akuti anaiyenera.
Mugisho anamva ali pakati pometa mwana wa sukulu,
anamaliza bwinobwino, anam'sasa tsitsi pakhosi.

Nane ndili ndi buku langa, lachikuto chofiira.
Mugisho: masamba mazana awiri ndi khumi, sanalipire.
Sindifufuta, sindikumbutsa.

Tsamba limodzi linapindika m'makina tsiku lija,
ndinalisunga pansi pa kauntala.
Dzulo ndikukulungira mandasi ndinaliyang'ana,
mizere yonse yachilendo, tizipewa tokhatokha,
kenaka pakati penipeni, lopanda chipewa,
liwu limodzi lokha londidziwa:
Ndaziona.

Dzina langa.
Kaya ndikuchitamo chiyani m'menemo, kaya ndine wabwino.
Mandasi ndinakulungira nyuzipepala.