Thumba Lovala Chipewa

Ku Galmi thumba silitsekedwa pakamwa.
Likadzaza, wogula amati onjezani,
ndiye timaunjika mulu wina pamwamba
n'kusokerapo chigamba cha ukonde.
Amati chipewa.
Mtengo ndi wa thumba.
Chipewa n'chaulere.

Ine ndine wosoka zipewazo.
Singano yanga yatha msonga katatu chaka chino.

Lero kunabwera Illiassou ndi ngolo ya bulu.
Miyezi inayi wakhala akulawirira nyenyezi zisanazime
kukakoka chingwe cha injini ya madzi,
imene imayamba yatsokomola isanavomere.
Anyezi wake ngokongola, wofiirira ngati chilonda chopola.
Petulo wa m'mabotolo uja anachita kukongola,
feteleza kukongola,
mbewu kukongola kwa Alhaji Tanimoune.
Munda wonse wangokongola,
ndipo mwini wake sagona.

Mkhalapakati anafika atavala mkanjo woyera mbee,
wosadziwa fungo la matope.
Anatola anyezi mmodzi, n'kumufinya pakhosi,
nati malire atsekedwanso kummwera,
malole aima mndandanda, katundu akuchucha madzi,
ku Abidjan kwadzaza wa m'sitima, wochokera kwa azungu.
Kenaka anatchula mtengo motsitsa mawu
monga mmene amanenera uthenga wamaliro.

Illiassou anayang'ana bulu wake.
Bulu anayang'ana pansi.

Akanatha kubwerera nawo,
kukawasanjika m'kanyumba ka udzu kaja
n'kudikira mvula, mtengo ukadzakwera kanayi.
Koma anyezi sadikira mwaulemu:
mmodzi akafewa mtima amauza anzake,
pofika mwezi wachitatu theka ndi la ntchentche.
Ndipo Alhaji sadikira.
Chifuwa cha Rakiatou sichidikira.
Mwana wamkulu wanena kale
kuti chaka chamawa iye sathiriranso,
akwera lole yopita ku Agadez, kwinako adzaona konko.

Soka, anandiuza.

Ndinasoka. Matumba khumi ndi anayi,
zipewa khumi ndi zinayi.
Ndikawerengera mumtima, zipewazo zokha
ndi matumba atatu amene sanalembedwe paliponse,
mizere makumi angapo imene anapalira chowerama
popanda womulipira.

Anthu a kutali amati anyezi amaliritsa pomudula.
Kuno sitimudula.
Timamunyamula wathunthu, khungu lake lili phwaphwalala,
ndipo maso athu ndi ouma ngati mphepo ya m'chipululu.

Polandira ndalama anaziwerenga kawiri,
kachitatu anangozisisita.
Anandipatsa yanga ya singano, sanachotsepo kanthu.
Nditawerama kutola ulusi
ndinaona mmodzi atagubudukira pansi pa ngolo.
Ndinamuponda ndi chidendene mpaka lole itanyamuka,
kenaka ndinam'ponyera Illiassou.

Anamuwakha, namununkhiza,
namuika m'thumba la mkanjo, cha pamtima.
Mawa, anatero, ndikuyamba kukonza nazale.