Kuseri kwa Mwala Wachitatu

Ndinakagula ku Avondale, Loweruka, madola anayi,
m'kajumbo kotupa ndi mpweya,
ndipo mu kombi monse mpaka ku Mufakose
ndinakafungatira pamiyendo ngati dzira lang'alu.
Wogulitsa anati, "Iyi ndi mbuna, ya kwanu."
Ndinamufunsa kumene kanaswedwera.
Anaseka: "M'thanki ya simenti, ku Msasa."
Ndiye tili limodzi, ndinatero chamumtima.
Inenso mchombo wanga unagwera kuno,
nyanja ndinangoiona pa kalendala.

Sabata yoyamba sindinakaone.
Galasi lodzaza, mchenga wotsuka kasanu,
miyala yomwe ndinasenza kuchokera ku Domboshava,
phale la mphika lovindikira pakona,
koma nsomba ayi.
Mai Rufaro a khomo linalo anasuzumira nati,
"Achimwene, mwayamba kuweta madzi?"

Kali kuseri kwa mwala wachitatu.
Mchira ndiwo umakaulula,
kachikasu, ngati kaulusi kotsalira pa kolala.
Ndikatsokomola, kaulusiko kamalowa.
Ndikaponda makina osokera
kamadziphatika pansi, zipsepse zili njenjenje.
Makinawo ndawasamutsira pakhonde.
Makasitomala tsopano ndimawayeza m'chiuno
fumbi la mumsewu likuwaona.

Madzi a kansolo, akabwera, amanunkha chipatala.
Ndimakaima pa mjigo tambala asanalire,
pakati pa amayi ndi zigubu zawo,
ndipo ndowayo ndimaigoneka masiku awiri isanathiridwe.
Akandifunsa, ndimati ndi a mlendo.
Amati mlendo wanuyo sachoka?

Mu Juni magetsi anathima maola khumi ndi asanu ndi atatu.
Pampu inasiya kuwira, nyumba inati zii.
Galasi ndinalifunditsa bulangeti langa,
ndinayandamitsamo botolo la madzi ofunda,
kenako ndi kapu ya tiyi
kutunga, kukweza mkono, kuthira,
kutunga, kukweza mkono, kuthira,
kuti mpweya ulowe,
mpaka phewa linayamba kundiwerengera zaka.
Kandulo ndinaiika kutali. Kamaopanso kuwala.

Asiyatu anaimba foni ali ku Joni:
"Ababa, mukanagula galu,
galu amakuchingamirani pageti."
Ndinati eya, mwanangu.
Sindinamuuze za agogo ake,
omwe zaka makumi atatu anadulira maluwa ku Highlands,
m'basi akukhala mpando wakumapeto,
chipewa pamaondo, Chishona chochepa pakamwa,
kuopa kuti lilime liwagulitsa.
Chichewa chawo chinkatuluka usiku,
chitseko chitatsekedwa ndi mpiringidzo,
pang'onopang'ono, mutu kaye,
kenako thupi lonse, ndi nthabwala zake.
Palibe anawakoka. Tinkangokhala phee.

Ndiye ndaphunzira kudyetsa chofulatira.
Ndimawaza tinyenyeswa tobiriwira, tochepa,
kutembenuka ngati ndili ndi zina zochita,
maso pa kalilole wa wadiropu.
M'menemo ndimakaona:
mphuno, diso limodzi lakuda,
liwiro, kukhwatula, kubwerera.
Zonse sizikwana nthawi yolowetsa ulusi pa singano.

Ena amati ikanimo zinzake, kadzalimba mtima.
Ena amati zinzakezo zidzakadya zipsepse.
Ndalama ya galasi lalikulu ndilibe,
choncho ndangoonjezera miyala iwiri.
Zodabwitsa: mobisala mukachuluka
m'pamene kamayenda poyera.

Lero m'mawa, pampu ikuwira bwinobwino,
ndinakhala pansi ndi tiyi, osaganiza za iko,
ndikuwerengera nsalu ya mayunifomu.
Nditadzutsa mutu, kanali pakati penipeni,
kotalika ngati chala changa chaching'ono,
mzere wakuda pamsana utayamba kuoneka.
Kanatola mchenga pakamwa,
kanabwera mpaka pagalasi
n'kuulavula molunjika nkhope yanga.
Kanabwereranso kukatola wina.

Pageti wina ankagogoda,
mwina mwini buluku la dzana lija.
Ntchentche inatera pamlomo wa kapu,
mwendo wanga unachita dzanzi.
Ndinamusiya agogode.